Chifukwa chake asayansi amapukusa mitu akamva za chombo choposa kuwala

Mu June 2014 pa intaneti panafala zithunzi za chombo chokongola zedi. Chinali choyera, chosongoka kumutu, chozingidwa ndi mikombero iwiri ikuluikulu, ndipo dzina lake linali IXS Enterprise. Mitu ya nkhani inkati ichi ndicho chombo cha NASA, bungwe la America loona za maulendo a m'mlengalenga, chimene chidzathamange kuposa kuwala, ena n'kuwonjezera kuti chidzafika ku nyenyezi zoyandikana nafe m'milungu iwiri yokha. Mpaka lero zithunzizo zimatulukirabe pa Facebook ndi pa WhatsApp ngati kuti ndi za dzulo.

Chombocho kulibe, ndipo sichinayambe chakhalako. Zinali zojambula pa kompyuta, ntchito ya mmisiri wa zithunzi wa ku Netherlands, Mark Rademaker, amene anagwirizana ndi Harold White, katswiri amene pa nthawiyo ankagwira ntchito pa Johnson Space Center, malo a NASA a ku Houston. Palibe amene anasulapo ngakhale bawuti imodzi ya chombocho. Chikomekome cha mkuyu.

Koma si nkhani yongoiseka n'kuisiya. Si onse okamba za ulendo woposa kuwala amene ali a bodza. Ena ndi akatswiri a masamu odziwika bwino, ndipo zolemba zawo zimatuluka m'magazini a sayansi olemekezeka. Apa m'pamene wowerenga amasokonezeka: ngati zalembedwa ndi akatswiri, nanga anzawo ambiri akupukusiranji mitu? Chimene chimachitika n'chakuti zinthu zitatu zimathiridwa mumphika umodzi. Pali zimene masamu amalola papepala, pali zimene chipangizo chayeza, ndiye pali zimene wolemba mutu wa nkhani akufuna kugulitsa. Mukazipatula, mupeza kuti kukayika kwa asayansi si liuma. Nkhani iliyonse ya mtunduwu inagwera pamalo ake enieni, oti munthu akhoza kuwaloza ndi chala.

Tiyambe ndi kukula kwa vutolo. Kuwala kumayenda makilomita 299,792 pa sekondi imodzi. Mtunda wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre kumaudutsa pa gawo limodzi la magawo 1,000 a sekondi. Kuchoka ku dzuwa kudzafika kuno kumatenga mphindi 8 ndi masekondi 20. Koma kuchoka ku Proxima Centauri, nyenyezi imene ili pafupi kwambiri ndi dzuwa lathu, kumatenga zaka 4.2. Chombo cha Voyager 1, chimene chinanyamuka pa 5 September 1977, chikuyenda makilomita pafupifupi 17 pa sekondi, ndipo pa liwiro limeneli mtunda wa ku Proxima ndi wa zaka pafupifupi 75,000. Chombo chothamanga kwambiri chimene anthu anapangapo ndi Parker Solar Probe, chimene pa 24 December 2024 chinafika makilomita 192 pa sekondi pamene chinkadutsa pafupi ndi dzuwa. Kuwala kumachiposa maulendo oposa 1,500. N'zomveka kuti anthu amalakalaka njira yachidule.

Ambiri amaganiza kuti liwiro la kuwala lili ngati chikwangwani cha pamsewu, choti dalaivala wolimba mtima akhoza kuchinyalanyaza apolisi akakhala kuti palibe. Zimene Albert Einstein analongosola mu 1905 si zimenezo. Iye anasonyeza kuti chinthu chilichonse cholemera chikamayandikira liwiro la kuwala, mphamvu imene mukuwonjezera imaleka kusanduka liwiro. Mumathira mafuta ochuluka, liwiro n'kungowonjezeka pang'ono. Mukathiranso ochuluka kuposa pamenepo, limawonjezeka pang'ono kwambiri kuposa poyamba. Kuti mufike pa liwiro lenilenilo pangafunike mphamvu yopanda malire.

Izi si za papepala zokha. Ku CERN, malo ofufuzira za sayansi amene ali pamalire a Switzerland ndi France, kuli ngalande yozungulira ya makilomita 27 pansi pa nthaka, mmene amathamangitsiramo tinthu ting'onoting'ono totchedwa mapulotoni. Timalowa m'ngalandemo titatsala ndi mamita pafupifupi 650 pa sekondi kuti tifanane ndi kuwala. Kenako makinawo amatiwonjezera mphamvu kuwirikiza maulendo oposa 14. M'malo moti tipitirire kuwala n'kukusiya kutali, timangotsala ndi mamita pafupifupi 3 pa sekondi, liwiro la munthu wothamanga pang'onopang'ono, ndipo mamita atatuwo sitimawatseka. Makinawa akayaka amayesa lamulo la Einstein osapuma, ndipo likanakhala lolakwika sakanagwira n'komwe ntchito, chifukwa anamangidwa potsatira masamu omwewo.

Pali mawu amene okonda nkhaniyi amabwereza kawirikawiri: kale ankanenanso kuti ndege singapose liwiro la phokoso, koma Chuck Yeager analiposa pa 14 October 1947. Kufanizira kumeneku n'kopunduka. Aliyense amene anaonapo mphezi ikung'anima, bingu n'kumveka pambuyo, amadziwa kuti phokoso ndi loyenda pang'onopang'ono, mamita pafupifupi 340 pa sekondi. Yeager asanabadwe n'komwe, zipolopolo za mfuti zinkaliposa kale, ndipo kulira kwa chikwapu cha woyendetsa ngolo ndi nsonga yake ikuposa phokoso. Panalibe lamulo la chilengedwe loletsa. Funso linali lakuti ndege ipangidwe bwanji kuti isaphwasuke kapena kukanika kuwongoleredwa. Pa kuwala tilibe chipolopolo choterocho, tilibenso chikwapu.

Zilipo zinthu zingapo zimene zimaoneka ngati zikuphwanya lamuloli. M'madzi kuwala kumachepa liwiro kufika makilomita pafupifupi 225,000 pa sekondi, choncho kanthu kothamanga kwambiri kakhoza kukupitirira m'madzimo, n'kutulutsa kuwala kobiriwira ngati thambo kumene Pavel Cherenkov anakufufuza mu 1934. Uku n'kupitirira wothamanga amene walowa m'matope, osati kuphwanya malire enieni aja. China n'chachikulu: milalang'amba yakutali kwambiri ikutalikirana nafe mwamsanga kuposa liwiro la kuwala. Sikuti ikuthamanga kudutsa m'danga ayi. Danga lenilenilo, mpata umene uli pakati pa ife ndi iyo, ndilo likutambasuka. Lamulo la 1905 limaletsa chinthu kupitirira kuwala kumene kuli pambali pake, koma silinena kanthu za liwiro limene danga lingatambasukire.

Pa kachibowo kameneka m'pamene analowera Miguel Alcubierre, katswiri wa ku Mexico amene ankaphunzira ku Cardiff, ku Wales. Mu 1994 anasindikiza kankhani kafupi ka njira yoyendera moposa kuwala m'magazini ya Classical and Quantum Gravity, ndipo dzina lakuti warp drive analitenga ku Star Trek, sewero la pa TV. Ganizo lake tingalione chonchi. Yalani chitenje pansi, nyerere ikhale pakati. Nyerereyo isayende. Inu mukwinye nsalu imene ili kutsogolo kwake, ya kumbuyo muitambasule. Nyerere yayandikira mphepete mwa chitenje popanda kusuntha mwendo. Alcubierre anasonyeza kuti m'masamu amene Einstein anatulutsa mu 1915, ofotokoza mmene zinthu zolemera zimapindira danga ndi nthawi, n'zotheka kulemba thovu la danga lotere: kutsogolo danga likukwinyika, kumbuyo likutambasuka, chombo chili phee pakati, thovulo n'kumayenda pa liwiro lililonse limene mwasankha.

Masamu ake ndi olondola, ndipo palibe amene amawatsutsa. Chofunika kumvetsa ndi njira imene anawapezera, chifukwa pamenepa m'pamene pagona nkhani yonse. Masamu a Einstein ali ndi mbali ziwiri: mbali ina ndi zinthu ndi mphamvu zimene zilipo, inayo ndi mmene danga lapindikira. Nthawi zambiri katswiri amayamba ndi chinthu chodziwika, monga dzuwa, n'kuwerengera mmene chikupindira danga. Alcubierre anayambira kumapeto. Anajambula kaye kupindika kumene ankafuna, kenako n'kufunsa masamuwo kuti pangafunike chiyani kuti kupindikako kuchitike. Masamu sakana funso lotere. Mukhoza kujambula danga la maonekedwe alionse, iwo adzakupatsani mndandanda wa zofunika. Zili ngati kupita kwa telala ndi chithunzi cha diresi yoti iziimirira yokha m'mwamba, iye n'kuyankha kuti palibe vuto, mungobweretsa mamita 6 a nsalu yopepuka kuposa kupanda kanthu. Telalayo sananame. Koma nsalu yoteroyo mukaigula sitolo iti?

Nsalu imene masamu anaitanitsa ndi mphamvu yochepera ziro. Osati mphamvu yochepa, koma yotsika kuposa ya malo opanda kanthu kalikonse. Zonse zimene timazidziwa, mwala, madzi, moto, magetsi, kuwala, zili ndi mphamvu yoposa ziro. Alcubierre mwiniwake analemba za vutoli m'nkhani yake yomweyo, ndipo wakhala akunena poyera kuti sakuona kuti chombo chotere chingamangidwe. N'zodabwitsa kuti amene amatchula dzina lake mokweza kwambiri ndi amene samva mbali imeneyi.

Okhulupirira amayankha kuti mphamvu yochepera ziro inapezeka kale, ndipo pang'ono akunena zoona. Mu 1948 Hendrik Casimir wa ku Netherlands anawerengera kuti mukaika timapepala tiwiri tachitsulo moyandikana kwambiri m'malo opanda mpweya, timakokana, chifukwa mphamvu ya pakati pake imatsika kuposa ya kunja. Steve Lamoreaux anayeza kukokanaku bwinobwino mu 1997. Koma timapepalato timayenera kuyandikana kuposa kuonda kwa tsitsi limodzi maulendo ambiri, mphamvu yochepera ziro imene imapezeka ndi yaing'ono kosaneneka, ndipo chitsulo cha timapepalato chili ndi mphamvu yoposa ziro yochuluka kwambiri kuposa kaphindu kameneko. Kuwonjezera apo, Larry Ford ndi Thomas Roman anasonyeza kuti chilengedwe chimabwereketsa mphamvu yotereyi ngati wa katapila. Mukatenga yambiri, nthawi yobweza imafupika, ndipo mumabweza ndi chiwongoladzanja. Akatswiriwo anagwiritsadi ntchito fanizo la ngongole ndi chiwongoladzanja polongosola zimenezi. Thovu la Alcubierre likufuna ngongole yaikulu, yosabweza ulendo wonse.

Yaikulu bwanji? Mu 1997 Michael Pfenning ndi Ford anawerengera thovu loti chombo chingakwanemo. Anapeza kuti chifukwa cha malamulo a katapila aja, khoma la thovulo liyenera kukhala lopyapyala kuposa kanthu kalikonse kodziwika, ndipo mphamvu yochepera ziro yofunika ingapose kulemera kwa nyenyezi zonse zooneka m'chilengedwe, kuwirikiza maulendo mabiliyoni. Kuchokera pamenepo kunayamba mpikisano wotsitsa mtengo. Mu 1999 Chris Van Den Broeck wa ku Belgium anasintha maonekedwe a thovulo kuti kunja likhale laling'ono kwambiri koma m'kati lotakasuka, mtengo n'kutsika kufika pa kulemera kwa madzuwa angapo. Mu 2012, pa msonkhano wina ku Houston, Harold White uja ananena kuti mwa kunenepetsa khoma la thovu ndi kuligwedeza, mtengo ungatsike kufika pa kulemera kwa Voyager 1, makilogalamu pafupifupi 700.

Nambala imeneyi ndi imene inatembenuza mitu ya atolankhani, chifukwa makilogalamu 700 ndi matumba 14 a feteleza, katundu woti pikapu ikhoza kunyamula. Koma taganizani. Makilogalamu 700 atasandutsidwa mphamvu yokhayokha angapose theka la magetsi onse amene dziko lapansi limapanga pa chaka. Ndipo si magetsi amene akufunika, ndi nsalu yosagulitsidwa ija. Kutsitsa mtengo wa katundu amene kulibe sikumufikitsa pamsika.

Tiyerekeze kuti mwaipeza. Mavuto sanathe. Sergei Krasnikov wa ku St Petersburg anaona kuti thovu likaposa kuwala, anthu a m'chombo sangathe kutumiza uthenga uliwonse kukhoma lakutsogolo, chifukwa uthengawo umayenda pa liwiro la kuwala pamene khomalo likuthawa mwamsanga kuposa pamenepo. Ndiye kuti woyendetsa sangalikhotetse, sangaliimitse, sangaliyatsenso ali m'kati. Danga la kutsogolo liyenera kukonzedweratu ndi wina, monga mmene sitima imafunira njanji, ndipo woyala njanjiyo ayenera kuyenda ulendo wonse pa liwiro wamba. Mu 2009 Stefano Finazzi, Stefano Liberati ndi Carlos Barceló anapeza kuti m'kati mwa thovu loposa kuwala mungadzaze kutentha koopsa, ndiponso kuti thovulo silingakhazikike. Mu 2012 akatswiri atatu a pa yunivesite ya Sydney anawerengera kuti fumbi lonse limene thovu lingakokolole m'njira lingatuluke nthawi imodzi poima, ndi mphamvu yowononga chilichonse chimene chili kutsogolo. Mlendo wofika n'kuotcha mudzi umene wabwera kudzaona.

Vuto lozama kuposa onsewa ndi la nthawi, ndipo silidalira mtundu wa injini. Einstein anasonyeza kuti anthu awiri amene akuyenda pa maliwiro osiyana sagwirizana pa zimene zikuchitika nthawi imodzi kumalo otalikirana. Wina akhoza kuona kuti chochitika cha kuno chinayamba, mnzake n'kuona kuti cha uko ndicho chinayamba, onse n'kukhala olondola. Izi sizisokoneza kanthu malinga palibe chimene chikuposa kuwala, chifukwa zochitika ziwirizo sizingakhudzane. Koma mukangolola ulendo woposa kuwala, kupita ndi thovu limodzi n'kubwerera ndi lina limene likuyenda mosiyana, mukhoza kufika kwanu musananyamuke. Allen Everett anasonyeza mu 1996 kuti ndi thovu la Alcubierre zimenezi zikhoza kukonzedwa. Mukhoza kulandira yankho la kalata imene simunalembe, ndipo yankholo likhoza kukhala lakuti musailembe. Stephen Hawking anapereka ganizo mu 1992 lakuti malamulo a chilengedwe amatseka njira zonse zobwerera m'mbuyo mwa nthawi. Ganizoli silinatsimikizidwe, tivomereze. Koma amene akuti ali ndi injini yoposa kuwala akunenanso, kaya akudziwa kaya ayi, kuti ali ndi makina opita kudzulo.

Chaka cha 2021 chinabweretsa mitu yatsopano. Erik Lentz, ali ku Göttingen ku Germany, analemba kuti wapeza thovu loposa kuwala losafuna mphamvu yochepera ziro. Jessica Santiago, Sebastian Schuster ndi Matt Visser anayankha kuti si zokwanira kuti mphamvu ioneke yoposa ziro kwa woonerera mmodzi, iyenera kutero kwa onse, ndipo mukafunsa onse ngongole ija imatulukiranso. Chaka chomwecho Alexey Bobrick ndi Gianni Martire analemba za mathovu amene angapangidwe ndi zinthu wamba, manyuzipepala n'kulengeza kuti warp drive yatheka. Zimene ambiri sanawerenge n'zakuti mathovu otheka ndi zinthu wambawo ndi osafika liwiro la kuwala, ndiponso kuti thovu ndi chigoba cholemera chimene chimafunabe chinachake choti chichikankhe. Mu December chaka chomwecho kunamvekanso kuti gulu la White, amene anali atachoka ku NASA, lapanga thovu mwangozi pa kafukufuku wolipiridwa ndi DARPA, nthambi ya zofufuza ya asilikali a America. Chimene chinalipo chinali chiwerengero cha pa kompyuta chosonyeza kuti m'kanthu kakang'ono kwambiri mphamvu ikhoza kuyalana mofananirako ndi chojambula cha Alcubierre. Kandimverere anakanena za m'maluwa.

Zonsezi ndi za papepala. Zoyeza zenizeni zili ndi mbiri yakeyake, ndipo ine ndimaona kuti ndiyo yophunzitsa kwambiri.

EmDrive ndi chitini chamkuwa chooneka ngati ndowa yotsekedwa mbali zonse. Injiniya wa ku Britain, Roger Shawyer, anayamba kuchilengeza mu 2001, akuti mukathiramo mafunde a mayikulowevu chimadzikankha chokha popanda kutaya kalikonse kumbuyo. Wopalasa bwato amakankhira madzi kumbuyo ndi nkhafi, roketi imalavula mpweya wamoto kumbuyo, koma chitinichi akuti ayi. Kuli ngati kukankha minibasi yofa muli m'kati mwake, mutagwira mpando wa kutsogolo. EmDrive sinali injini yoposa kuwala, koma mu 2015 mitu ya nkhani inaimangirira ku warp drive chifukwa gulu la White, lotchedwa Eagleworks, ndilo linkaiyesa. Mu November 2016 gululi linasindikiza zotsatira m'magazini ya Journal of Propulsion and Power: pa magetsi okwana kuyatsa ayironi yositira, chitinicho chingakankhe ndi mphamvu yosafika theka la kulemera kwa njere imodzi ya chimanga. Popeza ankagwiritsa ntchito magetsi ochepa kwambiri kuposa amenewo, zimene sikelo yawo inaonadi zinali zopepuka kuposa njere ya mpunga.

Pa sikelo yomva zinthu zazing'ono chonchi, chilichonse chimasanduka mboni yonama. Gulu la Yang Juan ku Xi'an, ku China, limene poyamba linalengeza kukankha kwakukulu, linabweza mawu ake mu 2016 litazindikira kuti nthambo yobweretsa magetsi kuchokera kunja ndiyo inkasokoneza sikelo. Martin Tajmar wa pa yunivesite ya zaumisiri ya Dresden anamanga chitini chake. Mu 2018 gulu lake linapeza kuti sikelo inkasunthabe ngakhale atatchinga mafunde kuti asalowe m'chitini, ndipo linaloza chala nthambo zonyamula magetsi zimene zinkakokana ndi maginito a dziko lapansi. Mu 2021 anatsanzira makonzedwe a gulu la NASA, n'kuona kukankha konga komwe kuja, kenako n'kusonyeza gwero lake: chitini chikatentha chimafufuma pang'ono n'kupotoza pamene chamangiriridwa. Atasintha kamangidwe kake, kukankhako kunazimiririka. Zaka 20 za mkangano zinathera pa chitsulo chotentha.

Nkhani ya OPERA ndi yosiyana, chifukwa apa panalibe wogulitsa maloto. Pa 23 September 2011 gulu lalikulu la akatswiri lotchedwa OPERA linalengeza kuti tinthu totchedwa neutrino, totumizidwa kuchoka ku CERN kudutsa pansi pa nthaka makilomita 730 kukafika ku Gran Sasso ku Italy, tinkafika mofulumira kuposa mmene kuwala kukanafikira. Kusiyana kwake kunali magawo 60 mwa magawo 1 biliyoni a sekondi, ngati kupambana mpikisano wa makilomita 730 ndi mamita 18. Anali atayeza tinthu toposa 15,000 pa zaka zitatu. Iwo sananene kuti Einstein wagwa. Anati tafufuza cholakwika sitinachipeze, anzathu tithandizeni.

Ambiri anakayika nthawi yomweyo, ndipo anali ndi chifukwa chogwirika. Pa 23 February 1987 kunaoneka nyenyezi yophulika m'mlalang'amba waung'ono woyandikana ndi wathu, pa mtunda umene kuwala kumayenda zaka pafupifupi 168,000. Zipangizo za ku Japan, America ndi Soviet Union zinagwira ma neutrino ake patangotsala maola ochepa kuti kuwala kwake kuoneke, ndipo maola amenewo ali ndi chifukwa chodziwika: kuwala kumachedwa kutuluka m'kati mwa nyenyezi imene ikuphulika. Zikanakhala kuti OPERA yalondola, ma neutrino amenewo akanafika zaka pafupifupi 4 kuwala kusanafike. Mu February 2012 cholakwika chinapezeka. Nthambo yonyamula chizindikiro cha GPS kupita ku wotchi ya makinawo inali yosamangika bwino, ndipo panalinso kachipangizo ka wotchi koyenda mothamanga pang'ono. Mu March gulu lina la pa Gran Sasso pomwepo, la ICARUS, linayeza palokha n'kupeza liwiro logwirizana ndi la kuwala. Mtsogoleri wa OPERA, Antonio Ereditato, anatula udindo mwezi womwewo. Ine sindiona manyazi pa zimene gululo linachita. Linaika nambala zake poyera, ena anayeza, cholakwika chinapezeka pasanathe theka la chaka. Yerekezani ndi EmDrive, imene oikonda ankati aliyense wolephera kuona kukankha ndiye kuti wamanga chitini molakwika.

Apa pakuoneka khalidwe limene akatswiri amaliyang'ana akamva zoterezi. Chinthu chenicheni chimaonekera bwino zipangizo zikamawongoleredwa. Chinthu chabodza chimachepa sikelo ikamakhala yabwino, ndipo nthawi zonse chimakhala m'mphepete penipeni mwa zimene sikeloyo ingathe kumva. White anayesanso kupinda danga pa tebulo, pogawa kuwala kwa chipangizo cha laser pawiri n'kudutsitsa mbali imodzi pakati pa mkombero wa magetsi amphamvu, kuti aone ngati njira yake yasintha kutalika. Zotsatira zake sizinathe kusiyanitsidwa ndi kugwedezeka wamba kwa nyumba ndi zipangizo. Funso loyamba la katswiri silikhala lakuti ndani wanena, kaya ndi NASA kaya ndi yunivesite yotchuka. Limakhala lakuti ndani wina, wopanda nawo phindu, wabwereza n'kupeza zomwezo. Dzina la NASA limalemera, koma Eagleworks linali kagulu kochepa m'bungwe la anthu zikwizikwi, ndipo NASA yeniyeniyo inanena poyera mu 2015 kuti sikupanga warp drive.

Sikuti kufufuza zoterezi n'kutaya nthawi. NASA inali ndi pologalamu yotchedwa Breakthrough Propulsion Physics kuyambira 1996 mpaka 2002, motsogozedwa ndi Marc Millis, yoti ione ngati pali njira zatsopano zoyendera m'mlengalenga. Sinapeze injini, koma inathandiza kusiyanitsa mafunso oyenera kufufuza ndi amene anali atafa kale. Thovu la Alcubierre nalonso lili ndi ntchito: ndi poyesera masamu a Einstein mpaka pamene angathyokere, makamaka pamene akumana ndi malamulo a tinthu ting'onoting'ono, pamene sayansi idakali ndi mpata weniweni wosatsekedwa. Koma mpata wa m'chidziwitso si chilolezo choti aliyense aikemo chimene akufuna. Sayansi yatsopano iliyonse idzayenera kulongosolabe mapulotoni a ku CERN aja ndi mamita awo atatu.

Idzayeneranso kulongosola zimene zinaoneka pa 17 August 2017. Tsiku limenelo zipangizo za LIGO ku America zinagwira mafunde a danga lenilenilo, ochokera ku nyenyezi ziwiri zakufa zimene zinawombana pa mtunda wa zaka pafupifupi 130 miliyoni za ulendo wa kuwala. Aka kanali koyamba kuona danga likukwinyika ndi kutambasuka, n'kuonanso kuwala kochokera pa chochitika chomwecho. Pa mpikisano wa zaka 130 miliyoni, ziwirizi zinafika mosiyana ndi masekondi 1.7 okha. Ngakhale makwinya a chitenje chija, pamene tawaona ndi zipangizo zathu, amayenda pa liwiro la kuwala.

Voyager 1 idakali pa ulendo. Magetsi ake akuchepa chaka ndi chaka, ndipo mainjiniya a ku Jet Propulsion Laboratory ku California akhala akuzimitsa zipangizo zake chimodzichimodzi kuti zotsalazo zikhalitse. Akaitumizira lamulo, uthengawo umayenda maola oposa 23 kuti ukafike, yankho n'kutenganso maola ena otero. Chakumapeto kwa 2026, itayenda zaka 49, ndi pamene ikukwanitsa mtunda umene kuwala kumayenda tsiku limodzi.